Bambo agwa katatu chitulukireni m'chipatala: kodi tiziwagoneka basi?

Funso: "Bambo anga a zaka 66 anadwala sitiroko miyezi inayi yapitayo, inagwira mbali ya kumanzere. Anagonekedwa ku Gulupu (chipatala cha Queen Elizabeth) milungu iwiri, pano tikukhala nawo kwathu ku Bangwe. Amayenda ndi ndodo pang'onopang'ono, koma agwa kale katatu: kawiri usiku akupita kuchimbudzi, kamodzi pakhonde akutembenuka kuti ayankhe moni. Sanathyoke paliponse, koma tili ndi mantha. Achimwene anga akuti tiwaletse kuyenda, azingokhala pabedi, zonse tiziwapatsira pomwepo. Amamwa mankhwala a BP ndi asipirini. Tichite chiyani?" — Mayi wa ku Bangwe

Mayi, musawagoneke bambo. Achimwene anu akulankhula chifukwa chowakonda, ndipo mantha awo ndi omveka, koma pabedi si pabwino monga pamaonekera. Munthu wachikulire akangotha sabata imodzi osaponda pansi, minofu ya m'miyendo imayamba kufota, mfundo zimauma, ndipo thupi limachedwa kukweza magazi kumutu akaimirira. Akakhalitsa pamabwera zilonda za pamsana ndi m'matako, chibayo, ndi magazi oundana m'mitsempha ya m'miyendo. Ndiye usiku wina mkodzo udzawapana inu muli m'tulo, ndipo adzadzuka ndithu, chifukwa palibe bambo amene angalole kunyowetsa zofunda m'nyumba ya mwana wake wamkazi. Adzadzuka ndi miyendo yofooka kuposa lero, opanda wowagwira. Pa ntchito yanga ya mafizo, odwala amene ndawaona atathyoka, ambiri anathyoka mwa njira imeneyi.

Komabe kugwa katatu pa miyezi inayi si nkhani yoipeputsa. Nthawi yoopsa kwambiri ndi imene mulimoyi, miyezi yoyambirira munthu atabwerera kunyumba. Mu 1995 ku Bradford, m'dziko la England, ofufuza anatsatira okalamba 108 amene anatuluka m'chipatala atadwala sitiroko, ndipo pomatha miyezi 6 anapeza kuti 79 mwa iwo anali atagwa. Kumeneko zimbudzi ndi zam'nyumba, pansi ndi pathyathyathya. Nanga ku Bangwe, kumene nyumba zinamangidwa pamtsetse ndipo chimbudzi chili kuseri? Ofufuza ena a ku Sweden anapeza kuti wodwala sitiroko amathyoka fupa la m'chiuno kawiri mpaka kanayi kuposa anzake a msinkhu womwewo, ndipo kawirikawiri limathyoka ndi la mbali yofookayo. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: munthu amagwera mbali yomweyo, mkono wa mbali imeneyo sutha kutambasuka kuti utchinjirize, ndipo fupa la mwendo umene sukusenza thupi mokwanira limapepuka msanga.

Mwachita bwino kwambiri kukumbukira kumene anagwera ndi zimene ankachita. Mabanja ambiri amangoti "anangogwa basi", koma munthu sagwa popanda chifukwa. Pezani kope, ndipo akagwa kapena akangodzandira n'kugwidwa, muzilemba tsiku, nthawi, malo, chimene anavala kuphazi, chimene ankafuna kuchita, ndi ngati anamva chizungulire. Pakatha milungu iwiri kopelo limakuuzani lokha pamene pali vuto.

Ndiyambe ndi kugwa kwa pakhonde, chifukwa ndi kumene anthu ambiri sakumvetsa. Ife tikamayenda sitiganiza zoyenda. Mapazi amadziwa okha. Sitiroko imachotsa zimenezo. Bambo akamayenda tsopano, nzeru zawo zonse zili pa phazi la kumanzere: kulinyamula, kuliponya, kuona pamene laponda. Ndiye wina akudutsa panjira n'kukuwa kuti "Mwaswera bwanji agogo?" Iwo, monga munthu woleredwa bwino, amatembenuza mutu nthawi yomweyo kuti ayankhe. Maganizo achoka pa phazi, thupi latembenuka miyendo isanatembenuke, phazi lofooka latsalira n'kupingasa linzake, basi ali pansi. Mu 1997 ku Sweden komweko ofufuza anaona kuti okalamba amene amaima kuyenda akangoyankhulidwa ndi amene amagwa kwambiri m'miyezi yotsatira, chizindikiro chakuti ubongo sukukwanitsa ntchito ziwiri nthawi imodzi. Kwa bambo, lamulo likhale lakuti: moni ukabwera, ayambe aima, atsamire ndodo, atembenuke ndi timasitepe ting'onoting'ono tinayi kapena tisanu, kenaka ayankhe. Auzeni aneba ndi a kumpingo amene amabwera kudzazonda kuti asawaitane ali pakati poyenda. Adzukulu nawonso asawathamangire kumiyendo. Si mwano kuchedwa kuyankha moni, ndipo anthu akamva chifukwa chake amamvetsa.

Popeza mbali yogwidwa ndi ya kumanzere, ndiye kuti sitiroko inachitika kumanja kwa ubongo, ndipo kumeneko kumabweretsa vuto lina limene achibale amalitenga ngati kusamva. Ndinafikapo panyumba ina m'munsi mwa phiri la Soche, kwa bambo wina amene ana ake ankadandaula kuti "sasamala". Tinakhala pamkeka nthawi ya nkhomaliro. Bamboyo anadya nsima ya mbali ya kumanja kwa mbale, nasamba m'manja, nanena kuti yatha, pamene ntanda wathunthu unali kumanzere kwa mbale yomweyo. Nditazunguza mbale, anadabwa kuona nsima ina. Paphewa lawo la kumanzere panali mabala akuda odzigunda pa felemu ya chitseko, ndipo ndevu anali atameta tsaya limodzi. Maso awo analibe vuto, koma ubongo unali utasiya kuwerengera chilichonse cha kumanzere, ngakhale mwendo wawo womwe. Ena amataya theka la zimene diso lililonse limaona. Ena amaiwala kuti ndi ofooka, n'kudzuka mwachangu ngati kale. Tayang'anani bambo pa mbale, pa chitseko ndi pometa. Mukaona zimenezi, muziwakumbutsa kutembenuza mutu kumanzere asanadutse pakhomo, muziwayankhulira muli mbali imeneyo akakhala pansi, ndipo muwafotokozere a mafizo. Maso nawonso akapimidwe ku chipatala cha maso cha Lions chimene chili pa Queen Elizabeth, poti pa zaka 66 ng'ala imatha kukhalapo, ndipo imachotsedwa.

Tembenuzaninso nsapato yawo ya kumanzere. Ngati yadyeka kutsogolo kapena m'mbali mwa chala chaching'ono, ndiye kuti phazi likugwa, zala zikukhwekhwereza pansi. Phazi lotere limakodwa ngakhale pa mphepete mwa mkeka. Pali chothandizira cha pulasitiki chimene chimavalidwa m'nsapato, chogwira kuseri kwa katumba mpaka kuphazi, ndipo a mafizo akhoza kuona ngati bambo akufunika chimenechi n'kukutumizani kwa okonza. Ambirinso phazi limachita dzanzi, sadziwa ngati laponda mwala kapena dzenje kufikira ataliona ndi maso. Ichi ndicho chimapangitsa mdima kukhala mdani wamkulu.

Tsopano za usiku, kumene agwa kawiri. Taganizani ulendo wonsewo mmene ulili. Munthu wadzidzimuka tulo tisanathe, mkodzo wamupana. Ayenera kutuluka mu neti imene inapisidwa kunsi kwa matiresi, kufufuza ndodo ndi phazi, kupeza masilipasi, kuimirira, kutsegula chitseko chokhala ndi loko ndi dzanja limodzi lomwelo logwira ndodo, kulumpha chiundo, kutsika masitepe, kudutsa pabwalo pamene pali ngalande ndi madzi otsukira mbale, mwina magetsi atazima, kenaka kunjuta pa chimbudzi chokumba ndi mwendo umodzi wamphamvu, n'kudzukanso popanda pogwira. Ngakhale munthu wochira bwino, ulendo umenewu ndi wautali. Ine ndikuti ulendo wa usikuwu uthe lero. Masana aziyenda ndithu kupita kuchimbudzi, wina ali pambali, chifukwa ndiko kulimbitsa miyendo. Usiku, chimbudzi chibwere kwa iwo.

Pa mkodzo, chigubu chodula pakamwa kapena botolo lalikulu lokhala ndi chivindikiro n'chokwanira, ndipo atha kuchigwiritsa ntchito atakhala m'mphepete mwa bedi. Pa chimbudzi chachikulu, pitani kwa kalipentala akupangireni mpando wolimba wa matabwa, wokhala ndi pogwira manja mbali zonse ziwiri, wobooka pakati, ndowa pansi pake. Mpando womwewo masana muziuika pamwamba pa dzenje la chimbudzi kuti asamanjute. Mipando ya pulasitiki anthu amaiboola, koma ikakalamba ndi dzuwa miyendo imatanyuka mwadzidzidzi, ndiye ine sindiikonda. M'chimbudzi ndi m'bafa mukhomere chitsulo cha paipi kukhoma, kapena muzike mtengo wolimba wa bulugama, mbali imene dzanja lawo lamphamvu lingafikire. Nyale ya sola ikhale yoyaka usiku wonse m'chipinda mwawo. Tochi ya m'manja siwathandiza poti dzanja ndi limodzi, koma ya pamphumi ija imathandiza. Neti isachotsedwe, malungo ndi oopsanso, koma mbali yotulukira muipise pang'ono pokha. Ndodo izikhala malo amodzi masiku onse. Pafupi ndi dzanja lawo lamanja pakhale belu, kapena supuni ndi kapu yachitsulo.

Ndikudziwa kuti apa pali nkhani ya ulemu. Bambo ambiri amadzuka okha usiku osati chifukwa cha makani, koma chifukwa sangadzutse mwana wamkazi kapena mpongozi kuti awaperekeze kuchimbudzi. Apa ndi pamene achimwene anu angathandize koposa kuwaletsa kuyenda. Iwo, kapena mdzukulu wamwamuna wamkulu, azigona m'chipinda chimodzi ndi bambo, aziwasambitsa ndi kutaya ndowa. Ndipo akhale pansi amuna okhaokha n'kuwauza bambo kuti kuitana si kuvutitsa. Mawu amenewa akachokera kwa mwana wamwamuna amalowa.

Funsaninso chifukwa chimene akudzukira kawirikawiri. Mankhwala ena a BP, monga HCTZ, ndi okodzetsa, ndipo amayenera kumwedwa m'mawa. Tiyi wa madzulo amawonjezera mkodzo. Matenda a shuga, matenda a m'chikhodzodzo, ndi kutupa kwa prostate (kachiwalo ka kunsi kwa chikhodzodzo) mwa amuna a msinkhu wawo, zonsezi zimadzutsa munthu kangapo usiku, ndipo zili ndi chithandizo. Koma musawamane madzi masana poganiza kuti mkodzo uchepe. Munthu wouma m'thupi amachita chizungulire, amadzimbidwa, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala zimenezi zimafika msanga. Amwe mokwanira kuyambira m'mawa, achepetse dzuwa likalowa, akodze asanagone.

Za mankhwala a BP ndinene momveka: asasiye, ngakhale tsiku limodzi. Kuthamanga kwa magazi ndiko kumayambitsa sitiroko zambiri kuno kwathu. Kafukufuku wa m'dziko lonse la Malawi wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe, ndipo kafukufuku wa pa Queen Elizabeth amene anatuluka mu 2016 anasonyeza kuti BP ndi HIV ndizo zikuluzikulu pa odwala sitiroko mu Blantyre muno. Kusiya mankhwala ndiko kuitana sitiroko yachiwiri. Chimene chimachitika nthawi zina n'chakuti munthu akadzuka mofulumira BP imatsika mwadzidzidzi, m'maso mumada, miyendo imalefuka. Mukapita ku kiliniki pemphani kuti awayeze atagona, kenaka ataimirira. Nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, kapena yapansi ndi 10, pasanathe mphindi zitatu ataimirira, ndiye kuti vutoli lilipo, ndipo adokotala angasinthe mlingo kapena nthawi yomwera. Pakali pano, akadzuka azikhala kaye m'mphepete mwa bedi mphindi imodzi kapena ziwiri, akugwedeza mapazi, kenaka aimirire, adikirenso pang'ono asanaponye phazi.

Mutenge mankhwala onse amene ali m'nyumba, ngakhale ogula pa golosale ndi azitsamba, mukawaonetse. Ogonetsa monga diazepam, kapena amitriptyline amene amaperekedwa pa ululu wa mitsempha, amalemeretsa thupi usiku. Kwa odwala shuga, glibenclamide kapena insulin zimatha kutsitsa shuga kwambiri munthu akalumpha chakudya. Mowa ayi ndithu. Ndipo ngati bambo sakukumbukira mmene anagwera, kapena munawapeza atadziluma lilime, atadzikodzera, kapena akunjenjemera mbali imodzi, kumeneko sikupunthwa. Kungakhale kukomoka kwa khunyu kumene kumabwera chifukwa cha chipsera cha mu ubongo, kapena vuto la mtima, ndipo adokotala ayenera kumva msanga.

M'nyumba, yendani njira zawo zitatu nokha, kuchokera pabedi kupita pabalaza, pakhonde, ndi kuchimbudzi, mukukhwekhwereza phazi la kumanzere. Paliponse pamene phazi lanu lakodwa, pakonzeni. Mikeka, timakapeti ta pakhomo, mawaya a wailesi ndi otchajira foni, mabeseni, zichoke. Mbaula isakhale panjira yawo, chifukwa kugwera pamoto ndi mbali yadzanzi kumasiya mabala oopsa. Polishi wa pansi mumusiye kaye, ngakhale ndikudziwa mmene timanyadira khonde lonyezimira. Masofa ofewa ozama aja amavuta kudzukamo. Apezereni mpando wolimba umene akakhala mapazi akuponda pansi ndipo chiuno chili pamwamba pang'ono kuposa mawondo. Bedi nalonso likhale la msinkhu womwewo. Ngati amagona pa matiresi apansi, yesetsani kupeza bedi. Kubafa azisamba atakhala pampando, ndipo ndere za pasimenti muzizipala. Pabwalo, mvula isanayambe mu Novembala, kwirirani maenje, ikani simenti kapena njerwa zoyalidwa molimba panjira ya kuchimbudzi, ndipo pa ngalande pakhale chowolokera chotakata chosagwedera. Dothi lathu likanyowa limaterera ngati sopo, ndipo chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimanyowetsa masitepe tsiku lonse anthu n'kumati sikunagwe mvula.

Masilipasi achoke. Phazi lofooka silitha kuwapana ndi zala, amavuka n'kupinda pansi pa phazi. Masokosi okha pasimenti ndi oopsanso. Apezereni nsapato zotseka, zogwira chidendene, zamphira pansi, zomata m'malo mwa zingwe. Pa kaunjika ku Limbe zimapezeka. Thalauza lisakhale lalitali lokwekwa pansi. Ndodo azigwira ndi dzanja lamanja, lamphamvulo, ndipo iziyenda limodzi ndi mwendo wofooka. Akaimirira manja ali m'mbali, chogwirira cha ndodo chifike pa mfundo ya dzanja pamene timavala wotchi. Kunsi kwake kukhale mphira, ndipo ikadyeka musinthe. Pa masitepe, pokwera utsogole mwendo wamphamvu, potsika utsogole wofooka pamodzi ndi ndodo, sitepe imodzi imodzi, ndipo ngati n'kotheka mukhomere chogwirira.

Powathandiza kuyenda, imani mbali yofookayo, kumbuyo pang'ono, dzanja lanu litagwira lamba wawo kapena chitenje chomangidwa bwino m'chiuno. Musawakoke mkono wa kumanzere, ndipo musawanyamule kukhwapa. Minofu imene imagwira phewa limenelo ndi yofooka, fupa limatsika m'malo mwake, ndipo ululu wake umatha miyezi. Ndaona mapewa ambiri owonongeka ndi anthu amene ankathandiza ndi mtima wonse. Akayamba kugwa musalimbane ndi kuwaimiritsa, mungagwe nonse awiri. Akokereni kwa inu, muwatsitse pang'onopang'ono pa ntchafu yanu mpaka pansi, mukuteteza mutu.

Zonsezi zikungochotsa misampha. Chimene chidzawateteze kwenikweni ndi mphamvu ndi kukhazikika kwa thupi lawo, ndipo zimenezi zimabwera pochita, tsiku ndi tsiku. Ubongo umaphunziranso mofulumira kwambiri m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira, ndipo umapitiriza pambuyo pake ngakhale pang'onopang'ono. Bambo ali pa mwezi wachinayi. Iyi si nthawi yotaya pabedi.

Chochita choyamba ndi kudzuka ndi kukhala. Mpando utsamire khoma kuti usasunthe. Asendere kutsogolo kwa mpando, mapazi onse awiri abwerere m'mbuyo pang'ono pansi pa mawondo, makamaka lofookalo, poti limakonda kutsalira kutsogolo n'kusiyira linzake ntchito yonse. Aweramire kutsogolo mpaka mphuno ifike pamwamba pa zala za kuphazi, adzuke, aime mowongoka, kenaka akhale pang'onopang'ono, osadzigwetsa. Ayambe ndi kasanu, katatu pa tsiku, muziwonjezera mpaka kakhumi. Chachiwiri, ataima atagwira tebulo lolemera kapena pawindo, azisuntha thupi kupita ku mwendo wofooka, kuwerenga mpaka faifi, n'kubwerera. Poyamba adzaopa, chifukwa mwendowo sakuukhulupirira. Ikani bondo lanu kutsogolo kwa bondo lawo kuti lisapinde. Kenaka kuyenda cham'mbali motsatira tebulo, kuponda pa njerwa imodzi ndi kutsika, kutembenuka pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere. Akazolowera, muziyesa dala kuwayankhula akuyenda inu mutawagwira lamba, kuti aphunzire kuima asanayankhe. Ndipo aziyenda pabwalo kangapo pa tsiku, maulendo aafupi ambiri kusiyana ndi ulendo umodzi wautali wowatopetsa, chifukwa munthu wa sitiroko akatopa phazi limayamba kukwekwa. Akamva kupweteka pachifuwa, befu, kapena chizungulire, aleke, ndipo mukanene kuchipatala. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kusintha simudzakuona pa tsiku, koma pa sabata.

Kuti muzidziwa ngati zikuyenda, yezani mamita atatu kuchokera pampando, mulembe mzere ndi khala. Adzuke, ayende ndi ndodo yawo kukafika pamzerewo, atembenuke, abwerere, akhale, wina ali pambali, inu mukuwerenga nthawi pa foni. Ife timaona kuti kupitirira masekondi 14 ndi chizindikiro chakuti munthu angagwe, ndipo odwala sitiroko ambiri amayamba ndi nthawi yoposa pamenepo kwambiri, choncho nambala yoyamba isakufooketseni. Muzibwereza Lamlungu lililonse n'kulemba m'kope muja. Bambo akamaona okha kuti nambala ikutsika, mtima umabwerera.

Ndikunena za mtima chifukwa mantha ndi theka la vutoli. Munthu akagwa kangapo amayamba kuuma thupi poyenda, kuyang'ana pansi pokhapokha, kukana kutuluka, ndipo akasiya kuyenda amafooka, n'kugwanso. Mawu a m'nyumba amawonjezera: "Khalani pansi mugwa!" kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Yesani kunena chimene achite m'malo mwa chimene mukuopa: "Nyamulani phazi, bambo," kapena "Imani kaye." Apatseni ntchito yoti azidzukira, kaya kutsirira maluwa a pakhonde, kaya kukakhala pa bawo ndi anzawo. Ngati akungokhala chete, kulira, kukana chakudya, kapena kunena kuti ndi mtolo kwa inu, kumeneko ndi kukhumudwa kumene kumagwira anthu ambiri pambuyo pa sitiroko, ndipo ndi matenda ofunika kuwanena kuchipatala monga BP yomwe.

Ngakhale mutachita zonse, tsiku lina angagwebe, ndiye konzekani. Musathamangire kuwadzutsa. Afunseni pamene pakupweteka, muone mutu, chiuno ndi dzanja. Ngati akumva ululu waukulu m'chiuno kapena m'mphechepeche, sangathe kuponda, kapena mwendo ukuoneka wofupika phazi litagonera kunja, musawaimiritse ndipo musawakweze kabaza. Afunditseni, pezani galimoto, muwanyamule atagona. Ngati anamenyetsa mutu, kumbukirani kuti asipirini imachedwetsa magazi kuundana, ndipo kwa omwa warfarin, mankhwala ena oletsa magazi kuundana, ngozi yake ndi yaikulu koposa. Kukomoka, kusanza, mutu wopweteka mowonjezereka, kusinza kosazolowereka kapena kusokonezeka, zonsezi n'zothamangira nazo ku Queen Elizabeth nthawi yomweyo. Magazi ena amadontha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza, zizindikiro n'kudzaoneka patatha masiku kapena milungu, choncho mukaona kuti akusintha khalidwe kapena kuyenda kwabwerera m'mbuyo, mukanene kuti anagwa tsiku lakuti. Kukamwa kukapotoka mwatsopano, mawu akamangika, kapena mkono ukalefuka kuposa kale, ingakhale sitiroko ina. Musadikire kuti kuche, ndipo musawamwetse kanthu.

Ngati sanavulale, adzuke okha inu mukuwongolera. Agubudukire cham'mbali, adzikankhe ndi dzanja lamphamvu mpaka akhale tsonga, apume. Bweretsani mpando wolimba mbali yawo yamphamvu. Agwade, aike dzanja lamanja pampando, aponde ndi phazi lamanja kutsogolo, adzikankhe, atembenukire pampando n'kukhala. Pemphani a mafizo akuphunzitseni zimenezi pa mphasa tsiku limene zinthu zili bwino, musadzaphunzire pa tsiku la ngozi. Ngati masana amatsala okha inu muli kuntchito kapena kumsika, foni ikhale pa chingwe m'khosi mwawo, nambala yanu ili yoyamba, ndipo aneba mmodzi akhale ndi kiyi, aziwasuzumira pa nthawi yodziwika. Kugona pasimenti yozizira maola ambiri kumadwalitsa ngakhale munthu sanathyoke.

Sabata ino, apiteni nawo akaonedwe, musadikire tsiku la kiliniki ngati lili kutali. Yambirani pa chipatala chanu cha Bangwe kapena cha Limbe, munene kuti agwa katatu, ndipo mupemphe kalata yopita ku mafizo pa Queen Elizabeth kapena ku Kachere Rehabilitation Centre, imene ili pafupi pomwepo. Ngati ndalama ya thiransipoti singalole kupita sabata iliyonse, nenani poyera, kuti akulembereni zochita kunyumba muzingobwera kudzaonetsa. Mutenge buku lawo la kuchipatala, mankhwala onse m'mapaketi ake, kope lija, ndodo yawo, ndi nsapato imene amavala masiku onse. Jambulani pa foni njira yochokera kuchipinda kwawo kukafika kuchimbudzi, masitepe ndi ngalande zomwe, chifukwa ife timawaona akuyenda pa simenti yosalala ya m'chipatala ndipo sitidziwa za pakhomo panu mukapanda kutionetsa. Achimwene anu abwere nawo tsiku limenelo, aone ndi maso awo mmene bambo akudzukira pampando, ndipo aphunzire pogwira lamba.